Tisanaike njerwa yoyamba: zimene amayi a bungwe tiyenera kudziwa za malamulo a zomangamanga

Amayi anzanga, ndiyambe ndi nkhani imene imandiwawabe ngakhale papita zaka zambiri.

Ndili mzamba wachitsikana pa chipatala china cha mishoni chakumudzi, amayi a bungwe pa parishi imeneyo anaona mmene amayi apakati ochokera kutali ankavutikira. Podikira tsiku lawo ankagona pakhonde la chipatala, ena pansi pa mtengo wa mango pamodzi ndi owadikirira. Amayi a bungwe anamanga chitenje m'chiuno. Anagulitsa mandasi ndi zitumbuwa, analima maganyu, anasonkha chimanga pokolola, anatuta mchenga pamutu kuchokera kumtsinje. Patatha zaka ziwiri nyumba ya chidikiro inaima. Bambo mfumu anaidalitsa, tinaimba, nthungululu zinamveka mpaka kumsika.

Nyumbayo inapirira dzinja limodzi. M'dzinja lachiwiri, usiku wina mu Januwale, kunagwa mvula yamkuntho. Denga lonse linanyamuka ngati chipewa n'kukatera m'munda wa chimanga, ndipo khoma limodzi linagwera mkati. M'nyumbamo munagona amayi 11. Mulungu anatichitira chifundo, palibe anamwalira. Koma mayi wina amene anali m'mwezi wake njerwa zinamuthyola mwendo, ndipo matenda anamuyamba usiku womwewo. Tinamuchiritsa ndi nyali ya galasi, iye akulira ululu wa pawiri.

Kutacha kunabwera mmisiri wina wachikulire wa m'mudzimo. Anatola njerwa imodzi, n'kupekesa ndi chala dothi limene linali pakati pa njerwazo. Khomalo linamangidwa ndi matope, simenti anangopaka kunja. Linali lopyapyala, lalitali, lopanda chipilala ngakhale chimodzi. Pamwamba pake panalibe lamba wa konkire, ndipo mapulanga a denga anangowakhazika pa njerwa osawamanga ndi waya. Mkuluyo anapukusa mutu n'kutifunsa kuti, "Kodi pulani yake anaiona ndani?" Tonse tinangoyang'anana.

Amayi aja sanalakwe posonkha ndalama. Chimene sankadziwa, chimene inenso sindinkadziwa, n'choti panali mafunso oyenera kufunsa, ndipo panali maofesi amene ntchito yake ndi kuyankha mafunsowo. Lero mabungwe athu akumanga zambiri: sukulu za mkombaphala, makhitchini a odikirira odwala, zimbudzi za pa tchalitchi, maholo, nyumba za akatekisiti. N'chifukwa chake mzamba ndalowerera nkhani ya amisiri.

Lamulo, muyezo ndi chiphaso

Ku sukulu ya anamwino kumene ndimaphunzitsa, wophunzira wa chaka choyamba timamuuza zinthu zitatu. Choyamba, pali lamulo la dziko loletsa munthu kugwira ntchito ya unamwino kapena uzamba asanalembetsedwe. Chachiwiri, pali miyezo ya kagwiridwe ka ntchito: m'manja muzisamba motere, mankhwala awa mlingo wake ndi uwu, mayi akakhala pa matenda muzimvera kugunda kwa mtima wa mwana pakatha mphindi 30 zilizonse. Chachitatu, pali chiphaso chimene bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi limapereka kwa amene wakhoza mayeso, ndipo timakachikonzanso chaka ndi chaka. Inu mukafika kuchipatala simumulembetsa mayeso mzamba musanagone pabedi. Mumadalira kuti alipo wina amene anamuyesa kale m'malo mwanu.

Zomangamanga zimayendanso choncho. Lamulo limachokera ku Nyumba ya Malamulo, ndipo makhonsolo amawonjezerapo malamulo awo aang'ono. Limanena zimene munthu ayenera kuchita asanamange, pamene akumanga, ndiponso asanalowetse anthu m'nyumbamo. Muyezo umalembedwa ndi akatswiri, ndipo umanena ndi manambala kuti chinthu chabwino n'chotani: simenti ilimbe bwanji, lata likhuthale bwanji, waya wa magetsi anyamule mphamvu yochuluka bwanji. Chiphaso ndi umboni woti munthu wina wodziwa, amene si wogulitsa ndipo si womanga, waona n'kutsimikiza kuti muyezo watsatidwa. Umboniwo ungakhale chidindo pa pulani, chizindikiro pa thumba, kapena setifiketi ya kontilakitala.

Wina asakunamizeni kuti izi n'zachilendo. Buku la Deuteronomo, mutu 22 ndime 8, limalamula womanga nyumba yatsopano kuti atchinge m'mphepete mwa denga lake. Nyumba za kumeneko zinali ndi madenga afulati amene anthu ankakhalapo, ndipo wina akagwa, mlandu wa magazi unali pa mwini nyumba. Mfundo yake ndi yomweyi imene ili m'malamulo a lero: amene wamanga ali ndi udindo pa moyo wa aliyense amene adzalowe, ngakhale amene sanabadwe.

Pulani ndi chidindo cha khonsolo

Khomo loyamba ndi khonsolo ya boma lanu, ya tauni kapena ya mzinda. Lamulo la Physical Planning Act la 2016 ndi limene limayendetsa kagwiritsidwe ntchito ka malo ndi zilolezo zomangira. Mizinda monga Blantyre ndi Lilongwe yakhala ndi malamulo ake a kamangidwe kwa zaka zambiri, ndipo kumeneko anthu anazolowera kuti pulani imayenera kudindidwa. Kumudzi chizolowezichi kulibe, koma nyumba yolowamo anthu ambiri, monga sukulu, holo kapena chipatala, siyofanana ndi khitchini ya pakhomo panu. Imeneyo pulani yake ipite ku khonsolo.

Zimayenda motere. Munthu wodziwa kujambula nyumba amajambula pulani yoonetsa malo, kukula kwa zipinda, kuya kwa maziko, kukhuthala kwa makoma, mawindo, zitseko, denga, ndi kumene madzi oipa azipita. Pulaniyo imaperekedwa ku khonsolo pamodzi ndi umboni woti malowo ndi anu, ndipo pamakhala ndalama yolipira imene muyenera kulandirira risiti. Imadutsa m'manja mwa anthu angapo. Woona za mapulani a malo amayang'ana ngati malowo ali oyenera, osati m'njira ya madzi, pansi pa mawaya akuluakulu a magetsi kapena m'malire a msewu. Wa zomangamanga amayang'ana kulimba. Wa zaumoyo amayang'ana zimbudzi, madzi, mpweya ndi kuwala. Akakhutira amadinda.

Chidindocho si mapeto. Womanga akamagwira ntchito, woyendera ayenera kubwera pa magawo ena ofunika: maenje a maziko atakumbidwa koma konkire asanathiridwe, khoma likafika pa msinkhu wa pansi pa nyumba, zitsulo za lamba wa pamwamba zitamangidwa koma zisanakwiriridwe, denga likamakhomedwa, ndiponso pamapeto. Ine ndimaziyerekeza ndi sikelo ya amayi apakati. Masiku ano timalimbikitsa mayi kubwera maulendo 8, chifukwa vuto limene tingalione pa mwezi wachinayi timalikonza mosavuta, pamene vuto lomwelo likaonekera pa tsiku lochira limatha kutenga moyo. Nyumba nayo zofooka zake zimabisika. Maziko akakwiriridwa ndi dothi, zitsulo zikalowa mu konkire, khoma likapakidwa pulasitala ndi penti, ngakhale injiniya sangaone ndi maso zimene zili mkati. Nyumba yathu ija pa tsiku lodalitsa inali yokongola kuposa nyumba zonse pa mishoni.

Ntchito ikatha, funsani kalata yotsimikiza kuti nyumbayo yayenderedwa ndipo anthu angathe kulowamo. Ngati ndi nyumba yothandiziramo odwala, bungwe la Medical Council of Malawi nalo limayendera malowo lisanalole kuti atsegulidwe.

Chizindikiro cha pa thumba la simenti

Khomo lachiwiri ndi Malawi Bureau of Standards, imene timangoti MBS. Inakhazikitsidwa mu 1972 ndipo likulu lake lili ku Blantyre. Chizindikiro chake mumachiona kale pa paketi ya shuga, pa botolo la mafuta ophikira ndi pa madzi a m'mabotolo. Ndi bungwe lomwelo limene limalemba miyezo ya simenti, malata, zitsulo, mapaipi, penti ndi mawaya. Muyezo uliwonse uli ndi nambala yake yoyamba ndi zilembo za MS.

Kuti fakitale iloledwe kuika chizindikirocho, a MBS amapita kukaona mmene katunduyo amapangidwira, amatengako wina kukamuyesa ku labotale, ndipo amabwerezabwereza kuyenderako. Katundu wochokera kunja nayenso amayenera kuunikidwa polowa m'dziko. Tanthauzo la chizindikirocho ndi loti katunduyo anatuluka m'fakitale ali wokwanira muyezo. Zimene zachitika pakati pa fakitale ndi ngolo yanu, zimenezo maso ndi anu.

Simenti imabwera m'thumba la makilogalamu 50. Pa thumbapo pamalembedwa nambala monga 32.5 kapena 42.5, imene imasonyeza mphamvu yake, ndipo yaikuluyo ndiye yolimba kwambiri. Thumba lotsegulidwa n'kusokedwanso musalilandire. Mukakayikira, liikeni pa sikelo. Simenti imaopa chinyezi ndipo imachepa mphamvu ikakhalitsa, choncho musagule matumba onse chaka chino pofuna kudzamanga chaka chamawa. Ya miyezi yopitirira itatu yayamba kale kufooka, ndipo imene yachita mibulu yolimba yatha ntchito. Isungidwe pa mapulanga, osati pansi kapena motsamira khoma.

Malata ali ndi geji, ndipo apa ambiri timapusitsika, chifukwa nambala ikamakula lata limapyapyala. Geji 28 ndi lokhuthala kuposa geji 30, ndipo geji 32 ndi lopyapyala kuposa onsewo. Wogulitsa akakuuzani kuti 32 ndiye yapamwamba poti nambala yake ndi yaikulu, tulukani m'sitolomo.

Za njerwa, dziwani kuti kuyambira mu 2018 pali lamulo loletsa kugwiritsa ntchito njerwa zootcha ndi nkhuni pomanga nyumba za boma, za mabungwe ndi za malonda, pofuna kuteteza mitengo imene ikutha. M'malo mwake amalimbikitsa mabuloko a simenti ndi njerwa za dothi losakaniza ndi simenti zopanikizidwa ndi makina. Tsono musanaumbe njerwa za holo ya parishi, funsani kaye ku khonsolo, mungatenthe uvuni wonse pachabe. Mabuloko nawo ali ndi abwino ndi oipa. Buloko imene ikuyoyoka mukaikanda ndi chala, kapena kusweka mukaigwetsa kuchokera m'chiuno, simenti yake inachepa.

Kodi akumangayo ndani?

Khomo lachitatu ndi la anthu ogwira ntchitoyo. Makontilakitala amalembetsedwa ndi bungwe limene ambiri timalidziwa ndi dzina lake lakale loti National Construction Industry Council, kapena NCIC, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1996. Limawaika m'magulu malinga ndi luso, zipangizo ndi kukula kwa ntchito imene angathe. Amene ali m'gulu la ntchito zing'onozing'ono saloledwa kutenga chimango chachikulu. Kontilakitala akabwera kudzapempha ntchito, muuzeni akuonetseni setifiketi yake, muone ngati ili ya chaka chomwecho ndiponso ngati dzina lili pamenepo ndi lake. Mufunseninso nyumba ziwiri zimene anamanga zaka zitatu kapena zinayi zapitazo, ndipo mutume amayi awiri akazione ndi kucheza ndi eni ake.

Akatswiri ojambula nyumba, owerengera mtengo wa zipangizo ndi mainjiniya nawo ali ndi mabungwe awo owalembetsa. Amisiri a manja, omanga, akalipentala ndi a mapaipi, ambiri amaphunzira m'sukulu za ntchito zamanja zoyang'aniridwa ndi TEVETA, ndipo amakhala ndi mapepala awo. Woika mawaya a magetsi ayenera kukhala ndi chilolezo cha bungwe la MERA. Apa musanyengerere ngakhale pang'ono. Waya wochepa mphamvu amatentha mkati mwa siling'i usiku anthu ali m'tulo, ndipo ife a kuchipatala ndi amene timalandira ana opsa.

Sindikunyoza mmisiri wa m'mudzi amene anaphunzira ntchito kwa malume ake. Mkulu uja amene anatitsegula maso analibe pepala lililonse. Ambiri otere ndi aluso ndiponso oopa Mulungu. Koma pa nyumba yogonamo amayi apakati kapena yophunziriramo ana 60, mmisiriyo agwire ntchito motsatira pulani yodindidwa, ndipo pakhale wina wa mapepala womuyendera. Vuto lathu lalikulu pa parishi ndi manyazi. Womangayo amakhala mwamuna wa mnzathu, kapena mkulu wa mphakati, ndiye timaopa kumufunsa kuti matumba aja apita kuti. Pajatu safunsa anadya phula.

Zimene Karonga anatiphunzitsa

Dziko lathu lili m'chigwa chachikulu chimene nthaka yake imagwedezeka. Akuluakulu a ku Salima amakumbukira chivomezi cha mu Malichi 1989. Mu Disembala 2009 zivomezi zotsatizana zinagwedeza Karonga, anthu ena anamwalira, ambiri anavulala, ndipo nyumba zikwizikwi zinagwa kapena kung'ambika. Zitachitika izi, boma pamodzi ndi mabungwe linatulutsa malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba, olembedwera amisiri wamba ndi zipangizo zimene zimapezeka kumudzi. Kenaka kunabwera madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe wa Idai mu 2019, ndi Freddy mu Malichi 2023, amene anapha kapena kusowetsa anthu oposa 1,000. Ambiri mwa iwo anali m'nyumba za m'mphepete mwa mapiri ndi m'njira za madzi, monga kwa Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche.

Mfundo zikuluzikulu za kamangidwe kolimba sizovuta kuzimvetsa, ndipo mayi aliyense angathe kuziona ndi maso ake ntchito ili mkati.

Malo ndiye chiyambi. Pewani dambo, m'mphepete mwa mtsinje, potsetsereka kwambiri ndi pamalo pamene anakwirirapo zinyalala. Agogo a m'mudzimo amadziwa pamene madzi anafika m'zaka za mvula yambiri, afunseni.

Maziko akumbidwe mpaka apeze nthaka yolimba, ndipo pansi pa nyumba pakwezedwe kuposa bwalo kuti madzi asalowe. Pakati pa maziko ndi khoma paikidwe pepala lakuda lija loletsa chinyezi kukwera. Likasowa, khoma limanyowa m'munsi, pulasitala amasupuka ndipo m'nyumba mumanunkha nkhungu.

Khoma lakunja la nyumba ya anthu ambiri likhale lokhuthala, la mainchesi 9, osati la mainchesi 4 ndi theka. Likatalika lilimbitsidwe ndi zipilala kapena makoma odutsa. M'makona njerwa zilumane bwino, ndipo mawindo ndi zitseko zisayandikire kwambiri kukona.

Pamwamba pa makoma onse pazungulire lamba wa konkire wokhala ndi zitsulo mkati, amene amisiri amamutcha ring'ibimu. Ntchito yake ndi yonga ya chitenje chimene mumamanga m'chiuno: amagwira makoma onse pamodzi kuti limodzi lisapatuke. Denga limangiriridwe ku lambayo ndi waya kapena zitsulo zopyapyala zokwiriridwa m'khoma. Mphepo ikamaomba imalinyamula denga kuchokera pansi, choncho kulemera kwake kokha sikungaligwire. Miyala ndi matayala amene timasanjika pa malata ndi umboni woti denga silinamangidwe.

Konkire amafuna madzi kuti akhwime. Azithiriridwa kwa masiku osachepera 7, ndipo amafika pa mphamvu yake yoyenera pakatha masiku 28. Konkire wouma msanga ndi dzuwa amaoneka bwino koma ndi wofooka. Ntchito yothirirayi nthawi zambiri imagwera ife amayi, ndiye tidziwe kuti ndowa zimenezo ndi gawo la kulimba kwa nyumba. Pa kasakanizidwe, pulani imanena kuti thumba limodzi lipite ndi mchenga wochuluka bwanji. Mmisiri akamatambasula thumba limodzi kuti ligwire ntchito ya matumba awiri, ndalama imene mukuganiza kuti mwapulumutsa mudzailipira ndi ming'alu.

Nyumba imatha kudwalitsa

Nyumba ingathe kuvulaza anthu popanda kugwa. Gawo ili ndi limene limandikhudza kwambiri monga namwino, ndipo ndi chifukwa chake pulani imadutsa kwa a zaumoyo.

Chifuwa chachikulu chimafala mu mpweya, ndipo chimakonda chipinda chodzaza anthu chopanda mawindo. Malamulo a kamangidwe m'maiko ambiri amafuna kuti mawindo akhale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a kukula kwa pansi pa chipinda, ndipo ndi bwino akhale mbali ziwiri zoyang'anana kuti mphepo izidutsa. Timawindo tating'ono timene timaika poopa akuba ndi mtengo wa magalasi timasunga matenda m'nyumba. Khitchini yopanda potulukira utsi imawononga maso ndi mapapo a amayi ndi ana amene ali kumbuyo. Mbaula ya makala m'chipinda chotseka imatulutsa mpweya wopanda fungo umene umapha anthu ali m'tulo.

Chimbudzi chokumba chitalikirane ndi chitsime kapena mjigo mamita osachepera 30, ndipo chikhale kumunsi kwake, osati kumtunda. Kolera imene inayamba mu 2022 n'kupitirira mu 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo njira yake ndi yomweyi, chimbudzi kulowa m'madzi akumwa. Dzenje la m'dothi la mchenga limangidwe ndi njerwa mkati kuti lisagumuke m'dzinja, ndipo bowo lake lisakhale lalikulu moti mwana wa mkombaphala n'kugweramo.

Zitseko za holo kapena tchalitchi zizitsegukira kunja, ndipo zikhale zingapo. Moto ukabuka anthu amathamangira kukhomo onse pamodzi, ndipo chitseko chotsegukira mkati chimatsekeka ndi anthu omwewo. Mawindo onse akakhala ndi zitsulo zoletsa akuba, khomo lachiwiri ndiye chipulumutso.

Pakhomo pakhale njira yotsetsereka ya njinga za anzathu olumala, ya agogo ndi ya machira. Muyezo wodziwika ndi woti pa sentimita imodzi iliyonse yokwera, njirayo italike masentimita 12. Yotsetsereka kuposa apo imagwetsa anthu. Penti nayenso musankhe wa chizindikiro cha MBS, chifukwa penti wina wa mafuta amakhala ndi mtovu, umene umawononga ubongo wa ana aang'ono akamanyambita makoma kapena kupuma fumbi lake.

Pomwe dongosololi limatsimphina

Ndikanakunamizani ndikanati zonsezi zimayenda bwino. Oyendera nyumba m'makhonsolo ndi ochepa, maboma ndi aakulu, galimoto ndi mafuta zimasowa. Nyumba zambiri m'dziko muno zimamangidwa popanda wina kuona pulani. Katundu wachinyengo amalowabe m'misika. Ndipo tonse tamvapo za zidindo zogulidwa ndi kangachepe. Chidindo chotero chili ngati setifiketi yabodza ya unamwino: pepala lilipo koma wodwala ali pangozi, mwinanso yoposa, poti aliyense wagona mtima. Ife a mpingo tisakhale oyamba kupereka chiphuphu kuti pulani idutse msanga. Wina akakupemphani ndalama yopanda risiti, kanani, ndipo kauzeni bambo mfumu ndi a Chilungamo ndi Mtendere.

Palinso nkhani ya ndalama. Kujambulitsa pulani, kulipira ku khonsolo, kugula zitsulo za lamba ndi malata okhuthala, zonsezi zimakweza mtengo, ndipo ndalama zathu ndi za mandasi. Yankho limene ndaliona likugwira ntchito ndi kuchepetsa kukula kwa nyumba m'malo mochepetsa kulimba kwake. Mangani zipinda ziwiri zolimba chaka chino, pulani ikhale yolola kudzawonjezera zina mtsogolo. Penti, siling'i ndi matailosi zingathe kudikira. Maziko, lamba ndi kamangidwe ka denga sizibwezeka nyumba ikatha. Musanalipire wojambula, funsani ku ofesi ya dayosizi yoona za chitukuko kapena zaumoyo, ndi ku ofesi ya zomangamanga ya khonsolo, ngati ali kale ndi mapulani a nyumba ya mtundu umene mukufuna. Sukulu, zimbudzi ndi nyumba za pachipatala nthawi zambiri zimakhala ndi mapulani okonzedwa kale.

Mukakumana ku bungwe

Ngati bungwe lanu likuganiza zomanga, kapena parishi yakupemphani kusonkha, tengani mafunso awa ku msonkhano. Malowa ndi a ndani, ndipo pepala lake lili kuti? Pulani wajambula ndani, ndipo khonsolo yadinda? Womanga ali ndi setifiketi yanji, ndipo anamangapo kuti? Adzayendera ntchitoyi ndani amene si womangayo, ndipo pa magawo ati? Zipangizo akagule ndani, asunge ndani, ndipo awerengere ndani?

Mgwirizano ndi womanga ulembedwe, usainidwe pamaso pa mboni. Muzilipira m'magawo, gawo lililonse likatha ndi kuyenderedwa, osati ndalama zonse poyamba. Pa ntchito za makontilakitala pali chizolowezi chosunga kagawo ka malipiro mpaka patapita miyezi ingapo nyumba itatha, kuti zolakwika zikaonekera womangayo abwere kudzakonza. Inunso chitani chimodzimodzi, ndipo nthawiyo iphatikize dzinja limodzi. Mu komiti ya zomanga mukhale amayi osachepera awiri, ndipo asakhale ongophika nsima ya amisiri. Mmodzi asunge kope lolembamo thumba lililonse lolowa ndi lotuluka. Wina ajambule ndi foni maenje a maziko, zitsulo za lamba ndi mawaya a denga zisanakwiriridwe. Pulani, marisiti, mgwirizano ndi makalata a khonsolo zikhale m'failo imodzi ku ofesi ya parishi, kuti ngakhale bambo mfumu atasinthidwa kapena atcheya atasamuka, mbiri ya nyumbayo isatayike.

Nyumba zimene zilipo kale nazonso muziziyendera mvula isanayambe. Mng'alu wolowa chala, mng'alu wopingasa kuchokera pakona ya windo, khoma lopendekera, mapulanga odyedwa ndi chiswe, malata oyamba kuzuka, mawaya a magetsi olendewera, zonsezi zikaoneka itanani wodziwa, ndipo ana asalowemo mpaka ataona.

Amayi a parishi ija sanagwe mphwayi. Anayambiranso, ndipo ulendo uno anatuma mlembi wawo ndi sisitere woyang'anira chipatala kupita kuboma ndi pulani m'manja. Zinawatengera zaka zitatu m'malo mwa ziwiri, ndipo nyumba inachepa ndi chipinda chimodzi. Mayi wina wachikulire, amene sukulu analekera sitandade 4, ankakhala pa mpando pafupi ndi pamene ankasakaniza konkire, kope lili pamwendo, akuwerenga matumba. Amisiri ankamutcha kuti injiniya momuseka, iye osalabadira. Nditapitako ku maliro zaka zingapo zapitazo ndinapeza nyumbayo ilipobe, zitenje zitayanikidwa pa chingwe, amayi apakati akusankha nyemba pakhonde. Mayi wa mwendo uja ndinakumana nayenso. Amayenda motsimphina mpaka lero, ndipo mtsikana amene anabadwa usiku umenewo tsopano ali ndi ana ake.

Nkhaniyi muiwerengere limodzi pa msonkhano wanu wa mwezi uno, ndipo amene ali ndi chimango chimene chayamba kale apite akachione sabata yomweyi, pulasitala asanapakidwe.